Madzi Obisala M'thanki ya Kompuresa

Alimi ambiri muli ndi ngolo za matayala a mpira, ndipo m'magulu ena mwasonkha ndalama ndi kugula kompuresa, makina aja opopera mpweya m'matayala ndi kupopera penti. Makinawa ngokwera mtengo. Koma chimene chiwapha kawirikawiri si kuchuluka kwa ntchito ayi. Ndi madzi, madzi amene palibe munthu anawathiramo.

Kodi madziwo achokera kuti? Achokera mu mpweya womwewu tipumawu. Mpweya uli ndi chinyezi, ndipo ukatentha usenza chinyezi chambiri. Pa madigiri 30, mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi mu msinkhu utha kusenza madzi okwana magalamu 30. Pa madigiri 20 usenza magalamu 17 okha. Tsono kompuresa ikapopa kufikira mapaundi 100 pa geji, ndiye kuti yatenga mabokosi otere pafupifupi 8 ndi kuwapanikiza m'malo a bokosi limodzi. Mpweyawo ulowa m'thanki uli wotentha, ndipo pozizira utaya madzi ake, monga muonera madontho kunsi kwa chivundikiro cha mphika wa ndiwo. Madonthowo atsikira pansi pa thanki nakhala pomwepo.

Inu a ku Chigwa cha Shire ndi a m'mbali mwa nyanja, ku Salima ndi ku Nkhotakota, mvetsani bwino, pakuti kwanuko m'dzinja kutentha ndi chinyezi zifika pamodzi. Pa tsiku lotere makina aang'ono akapopa ola lathunthu atha kusiya madzi odzaza kapu ya tiyi.

Madzi ena atuluka ndi mpweya naononga penti, koma choopsa ndi otsalawo. Iwo abala dzimbiri m'kati, kumene diso silifika. Kunja thanki ioneka yonyezimira, pamene pansi pake chitsulo chikupyapyala mwezi ndi mwezi. Thanki yotere itha kuphulika ndi kupha munthu woima pafupi.

Kunsi kwa thanki kuli kampopi kakang'ono. Poweruka tsiku lililonse zimitsani makina, tulutsani mpweya kufikira geji itatsika pa mapaundi 10, kenaka tsegulani kampopiko pang'onopang'ono. Nkhope yanu ikhale kutali, ndipo ana muwathamangitse. Madziwo ali ndi oilo, chotero musawataye pafupi ndi chitsime kapena pomwera nkhuku. Pakapanda kutuluka kanthu musakondwere msanga: kapena dzimbiri latseka kampopiko. Tulutsani mpweya wonse, geji ifike pa 0, ndipo mukamasule ndi kukatsuka.

Makina a gulu ndiwo avutika koposa, chifukwa yense ayesa kuti mnzake watsegula kale. Sankhani munthu mmodzi, ntchito imeneyi ikhale yake.

Ikani makina pamthunzi popita mphepo, kutali ndi pophikira. Ngati mwayala mapaipi m'galaja, akhale opendeka pang'ono kuti madzi atsetserekere kumapeto, kumene muyenera kuikako kampopi kena. Ndipo paipi yopita ku ntchito ituluke pamwamba pa paipi yaikulu, osati kunsi kwake.

Mukamva mpweya ukutuluka pa kabowo ka dzimbiri kunsi kwa thanki, musapite nayo kwa wowotcherera. Pamene paonekera kabowo kamodzi, chitsulo chonse chozungulira chatha kale, ndipo chigamba sichichilimbitsa. Lekani kupopa tsiku lomwelo, musonkhe ndalama za thanki ina.