MAGETSI A MPHEPO PA MUDZI

Ife a kuno ku Ntcheu mphepo timaidziŵa. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mwera umakuntha pa zitunda za Lizulu, Tsangano ndi Mlanda usana ndi usiku, kusasula madenga ndi kung'amba milomo ya ana. Timaudandaula chaka ndi chaka. Koma dzuŵa likaloŵa, nyumba zathu zambiri zimakhala mu mdima. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 ndizo zinkaunikira ndi magetsi, ndipo zambiri mwa izo zinali za m'tauni. Mwana wa Sitandade 8 amene akukonzekera mayeso amaŵerenga kufikira pamene mabatire a tochi athera, kapena pamene palafini wauma m'koloboyi. Ife amene timaphunzitsa timaona zotsatira zake m'makope m'maŵa mwake.

Tsono funso lathu nali: kodi mphepo imene imangodutsa pa mudzi osalipiritsa kanthu, singathe kuyatsa nyale imodzi?

Yankho linapezeka kale, ndipo silinachokere kutali. William Kamkwamba, wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe m'boma la Kasungu, anabadwa mu 1987. Njala ya 2001 ndi 2002 itasautsa banja lao, iye analeka sukulu ya sekondale ya Kachokolo chifukwa chosoŵa fizi. M'malo mongokhala, ankapita ku kanyumba ka mabuku ka pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe, kumene anapeza buku la Chingerezi lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina a mphepo pa chikuto. Chingerezi chake chinali chopereŵera, chotero ankatsata zithunzi. Mu 2002, ali ndi zaka 14, anaimika nsanja ya mitengo ya bulugamu yotalika mamita ngati 5. Pamwamba pake anaikapo fani ya thirakitala yotola ku dzala la zitsulo, mapiko a paipi ya pulasitiki yowongola pa moto, ndi njinga yakale ya atate ake. Dayinamo anamugulira ndi mnzake. Babu linayaka, ndipo patsogolo pake makinawo anayatsa mababu 4 ndi mawailesi 2.

Makolo anzathu, apa tiimepo pang'ono. Nthaŵi yonse imene mnyamatayu ankatola zitsulo, anthu ankamuti wamisala, ena nkumati akusuta chamba. Akadakhala wa m'mudzi mwathu, kodi ife tikadanena zina? Ambiri a ife mwana akamasula wailesi yakufa timathamangira chikwapu, osayamba tamufunsa chimene akufuna m'katimo. Mbiri ya William inatuluka m'nyuzipepala ya The Daily Times mu 2006. Mu 2007 anakalankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania, ndipo mu 2014 anatsiriza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America. Buku la moyo wake linatuluka mu 2009, kanema mu 2019. Koma zimenezi zisatibere maso. Chimene chikutikhudza ife ndi babu loyamba lija.

Inu achinyamata amene mitima yayamba kale kudumpha, mvetsani bwino mmene chinthuchi chimagwirira ntchito. Mphepo imakankha mapiko, mapiko amazunguza mtombo, mtombo umakoka tcheni, tcheni imazunguza gudumu la njinga, ndipo gudumu limapukusa kamutu ka dayinamo monga momwe limachitira munthu akamapalasa usiku. M'kati mwa dayinamo muli maginito amene amazungulira pafupi ndi waya wokulunga, ndipo pamenepo ndi pamene magetsi amabadwira. Tcheni ndi gudumu nzofunika chifukwa mapiko amayenda pang'onopang'ono, pamene dayinamo imafuna liŵiro.

Pali malamulo aŵiri a chilengedwe amene womanga aliyense ayenera kuwasunga pa mtima. Loyamba: mphepo ikaonjezera liŵiro lake kaŵiri, mphamvu yake siikula kaŵiri ai, koma kasanu ndi katatu. Ndiye kuti malo ndiwo mwini nkhani. Nyumba ya pa chitunda choyera ku Tsangano ili ndi mwai umene nyumba ya m'dambo, kapena yozingidwa ndi mitengo ya mango, ilibe. Ndipo nsanja ikakwera kupitirira denga ndi mitengo yoyandikana nayo, imapeza mphepo yamphamvu ndi yosasokonezeka. Lachiŵiri: mukatalikitsa mapiko kaŵiri, mumakola mphepo yochuluka kanai. Koma mapiko aatali amalemera, ndipo limodzi likaposa anzake ngakhale pang'ono, makina onse amanjenjemera kufikira misomali itazuka. Muwayese pa chingwe asanakwere. Afanane kulemera ngati mapasa.

Tinene zoona zake za mphamvuyi, kuti pasakhale wina wogulitsa mbuzi pachabe. Dayinamo ya njinga imapereka mawati 3 kapena 6 basi. Zimenezi sizingaphike nsima, kusita zovala, kapena kuyendetsa firiji. Mwai wathu ndi wakuti mababu a masiku ano a LED amadya pang'ono. La mawati 3 limaŵalitsa chipinda mokwanira kuŵerenga Baibulo ndi kulemba masamu. Ena amaganiza kuti alitaneta ya galimoto ingachite bwino koposa. Imatulutsadi magetsi ambiri, koma inapangidwira injini, ndipo imafuna kuzungulira mofulumira kwambiri kuposa mmene mapiko a pa mudzi angathere. Ambiri amene amayamba nayo amagwa mphwayi.

Mphepo imabwera ndi kupita mmene ifunira, chotero pafunika batire yosungira magetsi. Apa pali msampha. Magetsi a dayinamo amayenda chopita ndi chobwerera, pamene batire imalandira oyenda njira imodzi. Pakati pake payenera kukhala kachida kotchedwa dayodi, kamene kamalola magetsi kudutsa osabwerera m'mbuyo. Amisiri okonza mawailesi pa msika amakadziŵa. Batire ya mavoti 12 imafunanso dayinamo ya mavoti 12, osati ya 6.

Wina adzati, bwanji osangogula sola, popeza yafala m'misika ndipo mtengo wake unatsika? Funso labwino, ndipo kwa banja limene lili ndi ndalama m'manja sola ndi yosavuta: ilibe chozungulira, ilibe chothira girisi. Ife sititsutsa. Koma sola imagona dzuŵa likaloŵa, ndipo imafooka m'masiku a mitambo ya mwera, pamene mphepo ili pa chimake. Ziŵirizi zingathe kudzaza batire imodzi mothandizana. Kuonjezera apo, sola ikafa timangoiyang'ana, pamene makina opanga ndi manja mwana amene anawamanga amadziŵa msomali uliwonse.

Za ngozi sitinganene mopepuka, pakuti nyumba zathu zambiri nzofolera ndi udzu. Mawaya osavala akakhudzana, batire imatulutsa moto wokwanira kuyatsa denga. William anadzipangira chodulira magetsi ndi misomali, waya ndi maginito. Inu gulani fyuzi ya galimoto, muiike pafupi ndi batire. Batireyo ikhale pa malo opita mphepo, kutali ndi moto ndi ana, chifukwa madzi ake amaotcha khungu. Nsanja iime patali ndi nyumba kuti ikagwa isaphwanye munthu, ndipo matsinde ake muwapake oilo wakutha poopa chiswe. M'dzinja, mitambo ya mabingu ikamasonkhana, mangani mapiko ndi chingwe ndi kumasula waya woloŵa m'nyumba, pakuti mphezi imakonda chinthu chachitali.

Musanagule kanthu, yambani mwayesa malo. Zikani nsungwi yaitali pamene mukufuna kuimika nsanja, mangani kansalu kunsonga kwake, ndipo mwana azilemba m'kope m'maŵa, masana ndi madzulo ngati kansaluko kagwa, kakugwedezeka, kapena kaima chowongoka. Achite chotero mwezi wathunthu wa Julayi, abwerezenso mu Febuluwale, pamene mphepo imachepa. Ngati kansalu kamagona masiku ambiri, ndalama ya dayinamo isungidwe kuti idzathandize kugula sola. Ngati kamaima, pitani kwa wokonza njinga mukafunse za fulemu yakale.