KODI NKWABWINO KUGULA MASHEYA M'MAKAMPANI A MAFUTA?

 M'caka ca 2023 Boma linabvomereza kuti wanchito atapeko gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama zace za ku NAPSA asanapume nchito. Ambiri anagula malata kapena ng'ombe, ena anamwera. Koma alipo ena amene anamva kuti cuma ceniceni ciri m'makampani a mafuta, ndipo alikufuna kudziwa ngati nzoona.

Tiyambe ndi mau akuti sheya. Tiyerekeze kuti amuna khumi a m'mudzi umodzi asonkha ndalama mofanana nagula cigayo. Aliyense ali ndi gawo limodzi la cigayoco. Caka cikatha amacotsa ndalama za dizilo, za mnyamata wogayitsa ndi zokonzera makina, ndipo zotsalazo amagawana. Gawo lija ndilo sheya, ndipo phindu logawanalo Azungu amalicha dividend. Cigayo cikamayenda bwino, wina angafune kugula gawo lanu pa mtengo woposa umene munalipira. Cikafa, palibe wolifuna. Mwini sheya sanakongoze ndalama zace ai, koma wagula gawo la malonda, cotero palibe lonjezo lakuti zidzabwera.

Msika wogulira magawo otere m'dziko muno ndi Lusaka Securities Exchange, umene unatsegulidwa m'caka ca 1994. Kampani ya mafuta imene mungaipeze pamenepo ndi Puma Energy Zambia, imene kale inali BP Zambia kufikira pamene eni ace anaigulitsa mu 2011. Magawo atatu mwa anai ali m'manja mwa kampani yaikulu ya Puma ya kunja, ndipo gawo lotsalalo ndilo limagulidwa ndi anthu pa msikawo.

Tsono pano mvetsetsani, cifukwa ndi pomwe ambiri amasokera. Makampani a mafuta ali a mitundu iwiri. Ena amakumba mafuta ndi gasi pansi pa nthaka kapena pansi pa nyanja. Ena amangogula ndi kugulitsa. M'Zambia mulibe citsime ca mafuta cogwira nchito. Mafuta onse amene timathira m'galimoto ndi m'cigayo amacokera kunja, ndipo amagulidwa ndi madola. Ian Smith atalanda ulamuliro ku Rhodesia pa 11 November 1965, njira ya kumwera inabvuta, ndipo Zambia ndi Tanzania anamanga paipi ya TAZAMA, yotalika makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, imene inayamba nchito mu 1968. Fakitale ya Indeni inatsegulidwa mu 1973 kuti iziyenga mafutawo, koma tsopano inaleka kuyenga, ndipo kuyambira 2023 paipi ija imatenga dizilo woyenga kale. Ena amadza ndi malole. Inu a ku Chadiza mumawaona matanki amene amalowera pa Chanida kucokera ku Mozambique.

Cotero Puma ndi wamalonda, si wokumba. Ndiponso mtengo wa pa pampu sauika yekha, koma bungwe la Boma la Energy Regulation Board. Petulo akakwera, musaganize kuti mwini sheya walemera. Kawirikawiri anthu amacepetsa maulendo, ndipo kampani isowa ndalama zambiri zogulira katundu yemweyo. Phindu lace limadalira kuculuka kwa malita ogulitsidwa. Nanga amagula dizilo wambiri ndani? Ena mwa iwo ndi migodi yomweyo imene mulikugwiramo nchito. Ici ndi cinthu cimene ine ndifuna wa ku migodi aciganizire kawiri. Mtengo wa mkuwa ukagwa, migodi icepetsa nchito, malole aima, ndipo malipiro anu ndi masheya anu angadwale nthenda imodzi pa nyengo imodzi.

Makampani okumba aja ali pa misika ya kutali, monga London ndi New York. Phindu lao likhoza kukula ndithu, koma limatsata mtengo wa mgolo wa mafuta, wa malita 159, umene sukhazikika konse. Mu July 2008 mgolo unafika madola 147, ndipo caka cisanathe unatsika pansi pa madola 50. Pakati pa 2014 unali woposa madola 100. Mu January 2016 unali pansi pa 30. Mu April 2020, pa mliri wa Covid, ndege ndi magalimoto zitaima, ogulitsa ena ku America anacita kulipira munthu kuti awalandire mafuta, popeza mosungira munadzaza. Nanga mlimi wa fodya anaonapo zotere ku okushoni?

Palinso ngozi zina. Mu April 2010 citsime ca BP cinaphulika m'nyanja ya Gulf of Mexico, anthu 11 anafa, ndipo m'miyezi iwiri mtengo wa sheya unatsika pafupifupi ndi theka. Kampaniyo inaleka kugawa phindu kwa miyezi yambiri. Kwa anansi athu ku Mozambique anapeza gasi wambiri m'nyanja ya ku Cabo Delgado mu 2010, anthu nayesa kuti cuma cafika. Koma mu March 2021 zigawenga zinathira nkhondo tauni ya Palma, ndipo kampani ya Total inaimitsa nchito yace kwa zaka. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapacala ngwa mphepo. Gasi amene ali pansi pa nyanja akali pacala.

Sindikunena kuti masheya ndi oipa. Munthu amene wamanga kale nyumba kumudzi, amene wasunga za sukulu ya ana ndi za feteleza wa caka cino, akhoza kuikapo ndalama zimene sadzazifuna kwa zaka zisanu kapena khumi. Ndinena zaka zambiri cifukwa msika wa ku Lusaka ndi waung'ono. Tsiku lina mungafune kugulitsa koma wogula osapezeka pa mtengo umene mufuna, ndipo maliro kapena matenda sadikira wogula. Ng'ombe mungaigulitse mawa lomwe. Ndiponso nkwanzeru kugawa ndalamazo, zina ku kampani ya mafuta, zina ku banki kapena ku kampani ya shuga, zina m'mabondi a Boma.

Kagulidwe kace nkotere. Simupita nokha pa msika, koma mumadzera kwa mkhalapakati wochedwa broker, amene ali ndi laisensi yocokera ku Securities and Exchange Commission ku Lusaka. Iye adzafuna regi yanu ndi akaunti ya ku banki, nadzakutsegulirani buku m'dzina lanu, ndipo pa kugula ndi pa kugulitsa amatapapo kandalama kace. Mufunse kuti nzingati musanasaine. Caka ndi caka kampani imasindikiza lipoti la phindu ndi ngongole zace, ndipo muli ndi ufulu wopita ku msonkhano wa eni masheya ndi kufunsa mafunso, cingakhale gawo lanu liri laling'ono.

Cenjerani ndi anthu amene amatumiza mau pa foni kuti ikani K1,000 m'zitsime za ku Dubai, mudzalandira K300 mwezi ndi mwezi. Kampani yoona ya mafuta singalonjeze zotere, pakuti ngakhale eni ace sadziwa mtengo wa mgolo wa mwezi wamawa. Wotere mumfunse dzina la kampani yace ndi nambala ya laisensi, ndipo mufunse ku Commission ija ngati alimo m'buku lao, ndalama zanu zikali m'thumba.