Nowruz si Eid: kumene zikondwerero za nyengo yophukira zinachokera

Chaka chilichonse mwezi wa Malichi ukamapita kumapeto, pa foni ndi pa kanema pamadzadza zithunzi za anthu a ku Iran, Afghanistan ndi Tajikistan atavala zovala zatsopano, akuyenderana m'makomo ndi kupatsa ana ndalama. Amayi avala hijab, pathebulo pali Qur'an, ndipo mwana wa ku madrassah akaona zimenezi amafunsa makolo ake kuti, kodi anzathuwa ali ndi Eid yachitatu? Yankho ndi lakuti ayi. Chimene akusangalalira ndi kutha kwa chisanu, ndipo mwambo umenewu unalipo kale Chisilamu chisanafike m'mayiko amenewo.

Tiyambe ndi nyengo. Kuno kwathu Malichi ndi nthawi ya dowe ndi maungu, mvula ikupita kokatha. Kumayiko a kumpoto kwa dziko lapansi zinthu n'zosiyana. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale kumazizira koopsa, mitengo imayoyoka masamba, usiku umatalika, ndipo m'madera ambiri nthaka imakwiririka ndi chipale chofewa. Kalelo banja linkangodalira zimene linasunga, monga momwe ife timasuzumira m'nkhokwe mu Januwale ndi Febuluwale tili ndi nkhawa. Pa 20 kapena 21 Malichi usana ndi usiku zimalingana kutalika, ndipo kuchokera pamenepo dzuwa limayamba kukhalitsa, udzu n'kumera, ziweto n'kuswa. Nyengo imeneyi tingangoitcha yophukira. Chofanana nayo pang'ono kwathu kuno ndi Seputembala, pamene mitengo ya mombo imatulutsa masamba ofiira. Munthu amene wafika nyengo yophukira ali moyo, ana ake ali moyo, anali ndi chifukwa chokwanira chopangira phwando.

Chikondwerero chimene chimasokoneza Asilamu ambiri ndi Nowruz. Dzinali ndi la Chiperezi ndipo limatanthauza tsiku latsopano. Mizu yake ili m'chipembedzo chakale cha ku Persia cha Zoroaster, chimene chinkalemekeza kwambiri moto ndi kuwala. Lero amachita chikondwererochi ku Iran, Afghanistan, Azerbaijan, mayiko a pakati pa Asia monga Uzbekistan ndi Kazakhstan, komanso pakati pa mtundu wa Akurd. Mu 2010 bungwe la United Nations linavomereza 21 Malichi kukhala tsiku lokumbukira Nowruz padziko lonse.

Ku Iran zokonzekera zimayamba masabata angapo tsikulo lisanafike. Amasesa ndi kuchapa nyumba yonse mpaka makapeti, ntchito imene iwo amaitcha kugwedeza nyumba. Madzulo olowera Lachitatu lomaliza la chaka amakoleza timoto m'misewu n'kumatilumpha, ati moto utenge kufooka kwawo uwapatse mphamvu zake. Apa m'pamene chipembedzo chakale chija chimaonekera poyera. Kenako amayala thebulo la Haft-sin, pamene amaikapo zinthu zisanu ndi ziwiri zimene mayina ake m'Chiperezi amayamba ndi chilembo cha sin: tirigu kapena mphodza zomeretsedwa m'mbale, phala lotsekemera la chimera cha tirigu, zipatso zouma za senjed, adyo, apulo, zokometsera za sumac ndi viniga. Amaonjezerapo kalilole, makandulo ndi mazira opaka utoto, ndipo mabanja ambiri amaikapo Qur'an kapena buku la ndakatulo la Hafez. Masiku otsatira ang'onoang'ono amayamba ndi iwo kukaona akuluakulu. Tsiku la 13 aliyense amatuluka m'nyumba kukadyera panja, ndipo tirigu womera uja amamuponya m'madzi oyenda. Ku Afghanistan amaviika m'madzi mitundu isanu ndi iwiri ya zipatso zouma ndi mtedza, pomwe ku Uzbekistan amayi amachezera usiku wonse akutakasa mphika waukulu wa phala la chimera lotchedwa sumalak.

Nanga mwambo wotere unapulumuka bwanji Persia italowa m'manja mwa Asilamu? Chifukwa chimodzi chachikulu chinali msonkho. Mlimi amalipira akakolola, ndipo kukolola kumatsata dzuwa, osati mwezi. Ma Khalifa a Abbasid ankatsegula chaka cha msonkho wa minda pa Nowruz. Vuto linali lakuti kalendala yakale ya ku Persia inali ndi masiku 365 okha, yopanda tsiku loonjezera pa zaka zinayi zilizonse, choncho tsikulo linkafulumira pang'onopang'ono mpaka otolera msonkho anayamba kufika tirigu asanache. Mu 895 Khalifa al-Mu'tadid anasunthira tsiku la msonkho mu Juni. Mu 1079, pa ulamuliro wa Sultan Malik-Shah, gulu la akatswiri a nyenyezi, mmodzi mwa iwo Omar Khayyam, linakonza kalendala imene inakhazika Nowruz pa tsiku lolingana usana ndi usiku. Iran mpaka lero imawerenga zaka kuchokera pa Hijra koma motsatira dzuwa. N'chifukwa chake mu Malichi 2025 iwo analowa chaka cha 1404 pamene kalendala yathu ya mwezi inali mu 1446, mkati mwa Ramadhan.

Mwambowu unafikanso kugombe la kum'mawa kwa Africa, kumene Chisilamu cha kuno kunyanja chinadzera. Ku Makunduchi, kummwera kwa chilumba cha Zanzibar, kuli Mwaka Kogwa, umene amaugwirizanitsa ndi chaka chatsopano cha Ashirazi ochokera ku Persia. Amuna amakwapulana ndi matsinde a nthochi kuti zakukhosi za chaka chatha zithere pomwepo, ndipo amatentha kanyumba kaudzu. Kumeneko umachitika mu Julaye, kutali ndi nyengo imene unabadwira.

Ku Egypt kuli chikondwerero china chimene Asilamu ndi Akhristu amachitira limodzi, Sham el-Nessim, kutanthauza kununkhiza kamphepo kayaziyazi. Ambiri amati chinachokera ku nyengo imene Aiguputo akale ankaitcha Shemu. Chimachitika Lolemba lotsatira Pasaka wa mpingo wa Coptic, ndipo ndi tchuthi cha dziko lonse. Mabanja amadzadza m'mapaki ndi m'mbali mwa mtsinje wa Nile atanyamula mazira opaka utoto, anyezi wamasamba, letesi ndi nsomba yotchedwa fesikh. Ife a kunyanja amene timayanika usipa pathandala mpaka uume gwa, fesikh ingatidabwitse: amaisiya kaye iyambe kuvunda, kenako n'kuikwirira mumchere kwa masabata angapo, ndipo amaidya yosaphika. Ikakonzedwa molakwika imakhala ndi poizoni woumitsa ziwalo. Mu 1991 anthu 18 anamwalira ku Cairo atadya nsombayi, ndipo unduna wa zaumoyo umachenjeza chaka ndi chaka, koma ogula satha.

Ayuda nawo ali ndi Pesach, imene imayamba pa 15 mwezi wawo wa Nisan. Amakumbukira kutuluka kwa ana a Israeli m'manja mwa Firauni motsogoleredwa ndi Mneneri Musa (Mtendere ukhale pa iye), ndipo amadya mkate wopanda chofufumitsa. Miyezi yawo ndi yotsata mwezi ngati yathu, koma pa zaka 19 zilizonse amaonjezera mwezi wina kasanu ndi kawiri kuti Pesach isachoke m'nyengo yophukira. Pasaka wa Akhristu unachokera pomwepo. Kutsatira msonkhano wa ku Nicaea wa mu 325, lamulo linakhazikika lakuti ukhale Lamulungu loyamba mwezi ukakhala wathunthu kuyambira pa 21 Malichi, choncho m'mipingo yambiri umagwa pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo. Mazira a Pasaka ali ndi chiyambi chosavuta kumva: ku Ulaya kale sankadya mazira m'nyengo yosala ya masiku 40, koma nkhuku sizinkasiya kuikira, ndiye pofika pa Pasaka anali ataunjikana. Nthano ya kalulu wobweretsera ana mazira inachokera ku Germany.

Zina tingozitchula mwachidule. Ku India ndi Nepal Ahindu ali ndi Holi: madzulo amakoleza chimoto pokumbukira nthano ya Holika ndi Prahlad, m'mawa mwake n'kumawazana ufa wamitundumitundu. Ku China chaka chatsopano chimagwa pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale, ana amalandira ndalama m'maenvulopu ofiira, ndipo kumayambiriro kwa Epulo mabanja amakasesa manda a makolo pa Qingming. Mumzinda wa Zurich ku Switzerland amatentha chidole choimira chisanu chodzadza ndi makombola, ati mutu ukaphulika msanga ndiye kuti chilimwe chikhala chabwino. Mukaziika pamodzi muona zinthu zomwezomwezo zikubwerezedwa: moto, kusesa, mazira, zomera zanthete ndi kudyera panja.

Eid al-Fitr ndi Eid al-Adha sizili m'gulu limeneli, chifukwa sizinamangidwe pa nyengo. Chaka cha Hijri chili ndi masiku 354 kapena 355, ndipo Qur'an yolemekezeka mu Surat at-Tawbah inakhazikitsa miyezi 12 ndi kudzudzula mchitidwe wosuntha miyezi umene Aarabu ankachita. Choncho Ramadhan imafulumira ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, n'kuzungulira nyengo zonse pa zaka pafupifupi 33. Munthu wa zaka 40 ku Mangochi kapena Nkhotakota wasalapo m'kutentha kwa Okutobala, m'mphepo ya mwera ya Juni, komanso pakati pa dzinja.

M'hadith imene Abu Dawud ndi an-Nasa'i anailandira kuchokera kwa Anas, Mtumiki Muhammad (Mtendere ndi Madalitso a Allah apite kwa iye) atafika ku Madina anapeza anthu ali ndi masiku awiri amasewera, ndipo anawauza kuti Allah wawasinthira ndi masiku awiri abwino koposa, omwe ndi Eid ziwiri zija. Ena mwa omasulira hadith imeneyi anati masiku awiriwo anali Nayruz ndi Mihrajan, zikondwerero za ku Persia. Pa chifukwa chimenechi ma ulama ambiri a Ahlu Sunnah amaletsa Msilamu kuchita nawo Nowruz, makamaka zolumpha moto ndi zoombeza mwayi. Ma ulama ambiri a Shia ku Iran amaulola, ndipo mamiliyoni a Asilamu a pakati pa Asia amautenga ngati mwambo wa dziko lawo, tsiku loyendera achibale ndi kuyamba chaka cha ulimi. Ngakhale iwowo, Ramadhan ikatha amavalanso zatsopano n'kupita kukaswali Eid tsiku lake.