Kaufiti si ufiti, ndi phunziro la Biology

Mvula yagwa bwino, nthaka ndi yachinyezi, koma chimanga chafota ngati chili pakati pa ng'amba. Masamba achita chikasu ndipo mapesi akanika kukula. Patapita masabata angapo, timaluwa tofiira tayamba kuoneka m'mizere.

Alimi ambiri a ku Ulongwe, Phalula ndi Utale m'boma la Balaka, ngakhalenso a ku Ntaja m'boma la Machinga, akuidziwa bwino nkhani imeneyi. Uyu ndi kaufiti, ndipo dzina lakelo likusonyeza mmene makolo ankadabwira ndi zochita zake.

Komatu chinsinsi cha kaufiti chili m'buku la Biology lomwe mwana wa Fomu 4 akulimbana nalo pokonzekera mayeso a MSCE omwe amakonzedwa ndi bungwe la Maneb. Mutu wake ndi wa kayendedwe ka madzi ndi chakudya m'zomera. Ana ambiri amangouloweza pamtima, osadziwa kuti zonse zomwe zalembedwamo zikuchitika kuseri kwa nyumba yawo.

Chomera chili ndi misewu iwiri. Woyamba ndi xylem, timapaipi tomwe timatenga madzi ndi mchere wa m'nthaka kuchokera ku mizu kukafika ku masamba. Timapaipiti ndi maselo akufa olumikizana mondondozana, opanda kanthu m'kati, ndipo makoma ake ndi olimbitsidwa ndi lignin. Nkhuni, matabwa ndi makala zimachokera ku xylem. Madzi a mumsewu umenewu amangokwera, sabwerera.

Wachiwiri ndi phloem. Uwu umanyamula shuga yemwe masamba apanga kupita naye kulikonse komwe akufunika: kumizu, kumaluwa, kuzipatso kapena kunsonga komwe kukuphuka. Maselo ake ndi amoyo. Muli timachubu totchedwa sieve tubes, ndipo pambali pake pali companion cells omwe amatipatsa mphamvu. Chinangwa ndi mbatata zimanenepa pansi chifukwa cha phloem. Pamayeso, kayendedwe ka chakudyaka amakatcha translocation.

Nanga madzi amakwera bwanji mpaka pamwamba pa mtengo wa mbawa popanda pampu? Ulendo umayambira ku titsitsi ta kumizu, tomwe timamwa madzi mwa njira ya osmosis. Madzi amachoka komwe kuli mchere wochepa kupita komwe mchere wachuluka. Ichi n'chifukwa chake feteleza akathiridwa mogundana ndi phesi, chimanga chimapsa. Mchere umakhala wachuluka kunja kwa muzu, ndiye madzi amatuluka m'malo molowa.

Kumtunda nako, masamba ali ndi timabowo totchedwa stomata momwe madzi amatulukira ngati nthunzi. Uku ndiye kutuluka komwe amati transpiration. Madzi amagwirana okhaokha ngati chingwe, choncho dontho likatuluka patsamba limakoka linzake, mpaka kukoka kuja kukafika kumizu. Akatswiri awiri a ku Ireland, Henry Dixon ndi John Joly, ndiwo adafotokoza zimenezi m'zaka za m'ma 1890. Mwa madzi onse omwe chomera chimamwa, oposa 95 pa 100 alionse amatuluka motere.

Dzuwa, kutentha, mphepo ndi mpweya wouma zimafulumizitsa kutuluka kwa madziku. Yemwe adakhalapo ku Balaka mwezi wa October sangavutike kukumbukira mfundo zinayi zimenezi. Mayi wa kudimba yemwe amawokera tomato madzulo, kapena kuchotsako masamba ena pambande, akutsata phunziro lomweli ngakhale sadalowepo m'kalasi ya Biology.

Apa ndiye pomwe kaufiti amalowerera. Njere zake ndi zazing'ono ngati fumbi. Chomera chimodzi chimabereka njere masauzandemasauzande, ndipo zimatha kukhala m'nthaka zaka zoposa 10 zikudikira. Zimamera zikamva timadzi tomwe mizu ya chimanga, mapira kapena mpunga imatulutsa. Zikamera zimaboola muzu wa chimanga n'kudzilumikiza ku xylem yake.

Chochititsa chidwi n'chakuti stomata za kaufiti zimakhala zotsekuka kwambiri kuposa za chimanga. Iye amataya madzi mofulumira, motero amakoka mwamphamvu kuposa mwini muzu. Madzi ndi feteleza zomwe banja lagula movutikira zimapatukira kwa mlendoyu. Pomwe maluwa ofiira akuoneka, chimanga chimakhala chitapwetekedwa kale chifukwa kaufiti amayamba kuyamwa akadali pansi.

Mankhwala ake sali kwa sing'anga. Kaufiti amakonda nthaka yoguga, ndiye manyowa ndi kubwezeretsa chonde zimamufooketsa. Kumuzula asanachite maluwa kumachepetsa njere za chaka chamawa. Kasinthasintha wa mbewu nayenso amathandiza, ndipo apa anthu a ku Balaka ali ndi mwayi chifukwa amalima thonje. Mizu ya thonje ndi soya imapusitsa njere za kaufiti kuti zimere, koma sizipeza pogwira ndipo zimafa. Ndipotu mankhwala omeretsa kaufiti, otchedwa strigol, akatswiri adawapeza koyamba mu 1966 kuchokera ku mizu ya thonje.

Phunziro la phloem nalo likuoneka m'nkhalango ya Liwonde ndi m'mapiri a Machinga, komwe mitengo yatha ndi makala. Mumtengo, phloem ili m'kati mwa khungwa. Munthu akasenda khungwa kuzungulira thunthu lonse pofuna luzi kapena mankhwala, mtengo suuma tsiku lomwelo chifukwa xylem ikukwezabe madzi. Koma shuga safikanso kumizu. Mizu imafa ndi njala, kenako mtengo wonse umatsatira.

Katswiri wa ku Italy, Marcello Malpighi, adayesa zimenezi m'zaka za m'ma 1600. Iye adaona kuti khungwa la pamwamba pa bala limatupa chifukwa chakudya chochokera ku masamba chimaunjikana pamenepo. Mfundo imeneyi ili m'mabuku a kusekondale mpaka lero. Kwa ofuna khungwa la mankhwala, phunziro ndi lakuti asende mbali imodzi yokha kuti mtengo upole.

Mlambe uli ndi mwayi. Ku Liwonde National Park, njovu zimasenda milambe pofuna madzi omwe mtengowu umasunga m'thunthu lake lofewa, ndipo m'midzi anthu amasendako luzi. Nthawi zambiri mlambe umameretsa khungwa lina pomwe mitengo yambiri ikadafa. Koma nawonso ukakumbidwa mopitirira muyeso umagwa.

Funso lina lomwe limagwetsa ana ndi lojambula tsinde lodulidwa chopingasa. M'phesi la chimanga, mitolo ya xylem ndi phloem ili chimwazemwaze, monga timaulusi tomwe munthu amalavula akamatafuna msinde kapena nzimbe. M'tsinde la nyemba kapena thonje, mitoloyi yandandalikidwa mozungulira, phloem kunja, xylem m'kati, ndipo pakati pake pali cambium yomwe imanenepetsa tsinde. Omezanitsa mango amaonetsetsa kuti cambium ya nthambi ziwirizo yakhudzana, apo ayi sizigwirana.

Sukulu zambiri za CDSS zilibe zipangizo zokwanira, koma mutu uwu ungayesedwe pakhomo. Mwana azule chisoso, atsuke mizu, achiike m'botolo la madzi othira inki. Mawa lake akadula tsinde ndi lezala adzaona timadontho ta mtundu wa inkiyo, ndipo imeneyo ndiyo xylem. Akamanga jumbo yoonekera m'kati panthambi ya masamba m'mawa, pofika masana adzapeza madontho a madzi m'jumbomo. Nthambi ina aichotse masamba onse n'kuimanganso jumbo kuti ayerekeze.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kholo lomwe lingatenge mwana wake kupita naye kumunda, n'kuzula phesi limodzi lofota kuti aone pomwe kaufiti wagwira muzu, lidzakhala litamuthandiza kukonzekera mayeso. Mwanayo nayenso akhoza kuuza makolo ake chifukwa chomwe munda uja ukufunika thonje kapena soya chaka chamawa.