Nyeleti ikaleka kugwira nchito pa khansa ya prostate

Azibambo ambiri a ku Katete, Sinda ndi Vubwi amafika kucipatala khansa ya prostate itafalikira kale m'mafupa a msana ndi m'ciuno. Prostate ndi kaciwalo ka amuna kamene kali pansi pa cikhodzodzo, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake.

Khansa imeneyi imakula ndi homoni yacimuna yochedwa testosterone, imene imapangidwa m'macende. Mu 1941 Charles Huggins wa ku Chicago anaonetsa kuti homoniyi ikacepa cotupa cimafota. Madotolo amatsatabe njira yomweyo: amalasa nyeleti ya goserelin pamimba mwezi uliwonse kapena miyezi itatu iliyonse, apo ayi amacotsa macende pa opaleshoni. Ululu umacepa, mkodzo umatuluka bwino, bambo nkubwerera kumunda.

Koma pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, kwa ambiri matenda amadzukanso. Apa ndiye pamabuka mikangano pabanja. Ena amati mankhwala anali abodza, ena amaloza cala acibale kuti ndi afiti. Zonsezo n'zabodza. Cimene casintha ndi maselo a khansayo.

Selo lililonse lili ndi majini, malangizo olamulira zimene selolo lipange. Pa mamiliyoni a maselo a cotupa, ocepa amaculukitsa jini lopanga timaprotini tolandira testosterone, motero kahomoni kocepa kotsala m'magazi kamawakwanira. Ena amayamba kudzipangira okha homoniyo. Maselo ofooka amafa, olimbawa amatsala ndi kuswana. Amene akukumbukira m'mene klorokwini inalekera kuciza malungo m'dziko muno sangadabwe nazo.

Kusintha kumeneku kumaonekera msanga m'magazi, ululu usanabwerere. N'cifukwa cake wodwala ayenera kupimitsa PSA pa masiku amene anamulembera pakhadi, ngakhale akumva bwino. PSA ikakwera asaleke nyeleti, popeza maselo ena ikuwagwirabe. Madotolo amaonjezera mankhwala ena monga docetaxel kapena abiraterone. Akatswiri a khansa ali ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, imene inatsegulidwa mu 2007, ndipo kalata yopitira kumeneko imalembedwa pa zipatala monga St Francis ku Katete.

Miyendo ikayamba kucita dzanzi kapena kufooka, kapena mkodzo ukatsekeka, acibale amutengere bamboyo kucipatala tsiku lomwelo. Cotupa ca mumsana cikapanikiza mitsempha kwa masiku angapo, munthu angathe kulemala osayendanso.