Makwerero opepuka: zoti ofula uchi a ku Dowa ndi Ntchisi adziwe asanagule

Mitengo ya tsamba ndi mombo ikangochita maluwa m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa, alimi a njuchi amayamba kuwerengera mabotolo. M'madera ambiri uchi umafulidwa kawiri pachaka, cha m'ma Meyi mpaka Julayi komanso cha m'ma Okutobala mpaka Disembala. Nyengoyi ikafika, ambiri amathamangira ndowa, nsalu yosefera ndi chovala chodzitetezera ku mbola. Chipangizo chimene chimasenza wofulayo amachikumbukira pomalizira, ena mpaka kungobwereka makwerero a mnansi osawayang'ana n'komwe.

Komatu kugwa mu mtengo mwezi wa Novembala n'kutaya zinthu ziwiri, uchi ndi munda. Mwendo ukathyoka mvula yobzalira itagwa, ndalama ya feteleza imathera pa ulendo wa kuchipatala cha pa boma kapena ku Kamuzu Central, mizere n'kumera tchire. N'chifukwa chake sabata ino tikuona za makwerero: mitundu yake, kasankhidwe kake pamsika, ndi kawerengedwe ka phindu lake.

Phunziro lochokera kwa alenje a kunja

Ku America alenje osaka agwape amabisala m'mwamba mwa mitengo, ndipo amakwera ndi timakwerero tatifupitifupi ta aluminiyamu. Kalikonse kamakhala ndi masitepe awiri kapena atatu, mano oluma khungwa kumbuyo kwake, ndi lamba wokamangirira ku thunthu. Mlenje amanyamula titatu kapena tinayi, n'kumamanga kamodzikamodzi uku akukwera. Tambiri timalemera kilogalamu imodzi kapena kuposerapo pang'ono, koma timapangidwa kuti tisenze munthu wolemera makilogalamu pafupifupi 135.

Timakwerero timeneti timagwira bwino pa mitengo yowongoka, pamene ya m'mapiri mwathu yambiri ndi yokhota ndiponso imachita mphanda pafupi. Timagulidwanso ndi ndalama zakunja, ndipo chigwetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wotere sagwirika. Choti titengepo ndi nzeru yake: chokwerera chizipepuka pochinyamula, chizimangidwa ku mtengo, ndipo wokwerayo azidziwa kulemera kumene chingasenze.

Kuno kwathu osayerekeza kukwera mu mtengo kukadikirira nyama m'nkhalango zotetezedwa monga ya Ntchisi, ya Kongwe ku Dowa, kapena kumalo osungirako nyama a Nkhotakota omwe bungwe la African Parks lakhala likuwasamalira kuyambira 2015. Lamulo loteteza nyama zakutchire lidakhwimitsidwa mu 2017, ndipo pa nyama zotetezedwa kwambiri chilango chimafika zaka 30 m'ndende. Malonda a m'mwamba amene lamulo limalola ndi uchi, mango ndi mapeyala. Ngakhale pamenepo, wofuna kupachika ming'oma m'nkhalango ya boma ayambe waonana ndi ofesi ya zankhalango ya m'boma lake kapena komiti ya m'mudzi yoona zachilengedwe. Paja safunsa adadya phula.

Mitundu itatu imene mungaipeze

Oyamba ndi a nsungwi. Ndi opepuka koposa onse opangidwa kumudzi, ndipo munthu mmodzi amakwera nawo phiri atawasenza paphewa. Chinsinsi chake ndi msinkhu wa nsungwiyo. Yabwino ndi yokhwima, ya zaka zitatu kapena zinayi, yodulidwa m'chilimwe n'kuumitsidwa pamthunzi. Yanthete imafumbwa msanga, ndipo ikauma imakwinyika, mfundo za chingwe n'kumasuka. Nsungwi sifuna msomali chifukwa imang'aluka. Masitepe ake aloweke m'mabowo oboola pafupi ndi mfundo ya nsungwiyo, kenaka amangidwe ndi waya kapena chingwe cha nayiloni.

Achiwiri ndi a mapolo a bulugamu, omwe akalipentala a pa Mponela, Madisi, Malomo kapena pa boma la Ntchisi atha kukukhomerani tsiku lomwelo. Ndi olimba, koma akakhala aawisi amalemera kwambiri ndipo pouma amang'aluka kumapeto. Uzani kalipentala aseme kamphako pa polo poti sitepe ikhalepo, kuti thupi lanu lizisenzedwa ndi mtengo osati ndi msomali wokha. Mabawuti amaposa misomali. Kumbukiraninso kuti kuno ndi kwa fodya: alimi akayamba kumanga zigafa, mapolo amafunidwa ndi aliyense ndipo ogulitsa amakweza. Gulani nyengo ya zigafa isanafike, muumitse mosathamanga.

Achitatu ndi achitsulo. A aluminiyamu, opezeka m'sitolo za zipangizo zomangira ku Lilongwe, ndi opepuka, sachita dzimbiri ndipo chiswe sichiwadya, koma ndi odula. Yang'anani kachizindikiro ka m'mbali: opangidwa motsatira muyezo wa ku Ulaya wa EN 131 amalembedwa kuti amasenza mpaka makilogalamu 150. Opanda chizindikiro chilichonse musawakhulupirire chifukwa cha kunyezimira. Owotcherera zitsulo a m'misika amapanganso a mapaipi, otsikirako mtengo koma olemera, ndipo pofooka pake ndi powotchererapo. Achitsulo onse ndi oopsa pafupi ndi mawaya a ESCOM komanso kukamachita ziphaliwali.

Mayeso a pamsika

Musapereke ndalama musanachite zinthu zinayi. Choyamba, asenzeni muyende nawo pang'ono. Ngati akukupweteka phewa pamsika pomwepo, pa chitunda cha ku Nthondo kapena ku Mvera mudzawasiya panjira n'kukakwera ndi manja. Chachiwiri, agonekeni pansi, mupondeponde sitepe iliyonse mwamphamvu. Yogwedera kapena yolira ikonzedwe musananyamuke. Chachitatu, gogodani nsungwi kapena poloyo. Mukaona timabowo ndi ufa ukuthothoka, mkati mwadyeka kale. Chachinayi, yezani mipata ya masitepe. Ikhale yofanana, ya masentimita 25 mpaka 30, chifukwa uchi umafulidwa madzulo kapena usiku ndipo phazi limatsika mwa chizolowezi, osati ndi maso.

Za kutalika, musatengeke ndi aatali kwambiri. A mamita atatu kapena anayi amakwanira ntchito zambiri. Opitirira apo amavuta kuwakhotetsa m'tchire, savomera panjinga, ndipo amanjenjemera pakati munthu akakwera. Chofunika n'chakuti nsonga yake ipitirire pamene mukugwirapo ntchito, kuti musaime pa masitepe awiri omalizira.

Kaimikidwe ndi kakweredwe

Akatswiri a zomanga ali ndi lamulo losavuta: pa mamita anayi aliwonse okwera m'mwamba, miyendo ya makwerero italikire mita imodzi kuchoka patsinde. Akaima chilili amagwa chagada, akagona kwambiri amatsetsereka. M'mapiri nthaka simakhala yosalala, choncho tengani khasu mukumbe pang'ono mbali yokwera kuti miyendo yonse iwiri ifanane. Osasanjikiza miyala pansi pa mwendo waufupi.

Thunthu la mtengo ndi lozungulira, ndiye sitepe yapamwamba ikatsamira pamenepo makwerero amapendama. Amangeni ku thunthu pawiri, pakati musanakwere, pamwamba mukangofika. Chingwe chikhale cha nayiloni chokhuthala kapena cha khonje chatsopano. Mphira wa matayala ndi wabwino pomanga katundu pa kabaza, koma amatamuka ndipo dzuwa limamufooketsa. Luzi nalo lisiyeni, chifukwa kusenda khungwa n'kupha mtengo womwe njuchi zimadyapo. Kukhoma zikhomo kapena misomali m'thunthu kumalowetsa chiswe ndi kuwola. Inunso dzimangeni chingwe m'chiuno chozungulira thunthulo, monga amachitira alenje aja, kuti manja onse awiri agwire ntchito.

Lita imodzi ya uchi imalemera pafupifupi makilogalamu 1.4. Ndowa ya malita 20 ikadzaza ndi makilogalamu 28, kuposa theka la thumba la chimanga. Wotsika nayo m'manja amatsala ndi dzanja limodzi logwirira, njuchi zili m'khosi. Ponyani chingwe panthambi yolimba, ndowa itsike yokha kwa mnzanu amene ali pansi. Mnzanuyo ndi wofunika ngati makwerero omwe: amagwira miyendo, amayang'anira moto wa utsi kuti usayatse tchire, ndipo ndiye adzathamangire thandizo zikavuta. Mtengo wonyowa ndi mvula, nsapato zoterera ndi kachasu wochotsera mantha, zonsezi n'zoitana ngozi.

Kuwerengera phindu

Mitengo ya pamsika ikusintha mwezi ndi mwezi, choncho werengani ndi mabotolo a uchi. Funsani mtengo wa makwerero, muugawe ndi mtengo umene mumagulitsira botolo limodzi, kenaka mugawenso ndi nyengo zofula zimene angakutumikireni. A nsungwi amatuluka otchipa kwa mlimi wa ming'oma yochepa amene ali ndi nsungwi kudimba ndipo sangadandaule kupanga ena akafumbwa. A bulugamu amayenera amene ming'oma yake ili pafupi ndi mudzi. A aluminiyamu amapindula akagulidwa ndi kalabu, n'kulemba m'kaundula wobwereka aliyense ndi tsiku lobweza. Nyengo ya uchi ikatha, makwerero omwewo atha kubwereketsedwa kwa othyola mango, ofolera nyumba ndi opaka penti, n'kumalowetsa kangachepe m'thumba la kalabu.

Kasungidwe nako ndi ndalama. Apachikeni pakhonde kapena m'chigafa, osakhudza nthaka, kutali ndi mvula ndi chiswe. Musawapake penti yobisa ming'alu, ndipo oyilo wakutha asafike pa masitepe.

Makwerero otchipa koposa

Alangizi a njuchi amalimbikitsa ming'oma yamatabwa yokhala ndi timitengo pamwamba, imene imapachikidwa ndi waya pakati pa mitengo iwiri cha m'chifuwa mwa munthu. Chifukwa chachikulu chopachikira ming'oma m'mwamba ndi chiuli, linthumbu, moto wolusa ndi akuba. Mng'oma wolendewera pa waya chiuli amavutika kuugwira, girisi wopaka pawayapo amaletsa nyerere, ndipo kulambula udzu mozungulira kumatchinga moto. Wofula ataima pansi amasankha bwino zisa zokhwima, safukiza utsi wambiri, ndipo uchi wake umakhala woyera, wosanunkha moto, umene ogula a m'tauni amaufuna.

Makwerero adzafunikabe, popachika timing'oma tokopera njuchi m'mwamba komanso pofula ming'oma yakale. Koma ngati muli ndi ming'oma khumi ndipo isanu ndi umodzi mwaitsitsa, mwachepetsa maulendo a m'mwamba ndi oposa theka. Chaka chino, musanakwere, pondani sitepe iliyonse makwerero ali pansi, ndipo yolira muisinthe tsiku lomwelo.