Kukhoza MSCE ndi Maphunziro a Sayansi: Zimene Makolo ndi Ophunzira Ayenera Kudziwa

Chaka chilichonse zotsatira za mayeso a Folomu 4 zikatuluka, m'maparishi mwathu mumamveka nthungululu. Mabanja ena amapereka Misa yothokoza Mulungu chifukwa mwana wawo wakhoza. Koma pakapita miyezi ingapo, ena mwa ana omwewo amafika kwa bambo mfumu kapena kwa asisiteri ali ndi nkhope zakugwa, kudandaula kuti sukulu ya unamwino kapena yunivesite yawakana. Ana ameneŵa sadalephere mayeso ayi. Chimene chidachitika ndi chakuti iwo pamodzi ndi makolo awo adazindikira mochedwa kuti kulandira satifiketi ndi nkhani ina, ndipo kuloledwa kuphunzira ntchito imene mtima ukufuna ndi nkhani inanso. Kaŵirikaŵiri chimene chimasiyanitsa ziŵirizi ndi masamu ndi maphunziro a sayansi.

Mmene satifiketi imaperekedwera

Mayeso a Malawi School Certificate of Education, amene tonse timangoti MSCE, amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB, lomwe lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1987. Pa phunziro lililonse wophunzira amapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba kwambiri. Kuyambira 3 mpaka 6 ndi chimene chimatchedwa kirediti. Giredi 7 ndi 8 ndi kukhoza wamba, pamene 9 ndi kulephera.

Kuti munthu alandire satifiketi ayenera kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo, ndipo limodzi mwa maphunzirowo likhale la kirediti. Njira ina ndi kukhoza maphunziro asanu, Chingerezi chili momwemo, atatu mwa iwo ali a kirediti. Pamenepa pali zinthu ziŵiri zoti tizione. Choyamba, wolephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale atakhoza masamu ndi giredi 1. Chachiŵiri, lamuloli silitchula phunziro la sayansi ngakhale limodzi. Choncho n'zotheka ndithu kumaliza sekondale ndi satifiketi yovomerezeka popanda kukhoza Biology, Physics, Chemistry kapena masamu.

Mapointi amene anthu amafunsana zotsatira zikatuluka amapezeka pophatikiza magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wachita bwino koposa. Mapointi akachepa ndiye kuti mwana wakhoza kwambiri, ndipo ochepetsetsa amene munthu angapeze ndi 6.

Pamene mapointi okha sakwanira

Tiyerekeze atsikana aŵiri a m'kalasi imodzi, onse ofuna kudzakhala anamwino. Woyamba wapeza 4 m'Chingerezi, 2 m'Chichewa, 2 m'maphunziro a Baibulo, 3 m'mbiri yakale, 3 m'Geography ndi 4 m'zaulimi. Ameneŵa ndi mapointi 18. Koma m'Biology wapeza 7, m'masamu 8, ndipo Physics ndi Chemistry sadalembe n'komwe. Wachiŵiri wapeza 5 m'Chingerezi, 4 m'masamu, 3 m'Biology, 4 m'Chemistry, 5 m'Physics ndi 3 m'zaulimi. Ameneŵa ndi mapointi 24.

Kumudzi adzatamanda woyambayo, ndipo n'koyenera kutero pakuti wakhoza bwino. Zitseko za maphunziro a zilankhulo, mbiri yakale ndi ena otere zili zotsekuka kwa iye. Koma pa nkhani ya unamwino, amene angalembe kalata yofunsira malo ndi wachiŵiriyo. Masukulu a zaumoyo amayamba ayang'ana ngati wofunsayo ali ndi makirediti m'maphunziro a sayansi, ndipo akasoŵa, kuchepa kwa mapointi sikuthandiza kanthu.

Mayunivesite aboma amafuna makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo, ndipo pamwamba pa izi maphunziro aliwonse ali ndi zofuna zake. Wofuna udotolo, unamwino kapena za mankhwala ku Kamuzu University of Health Sciences, wofuna uinjiniya ku MUBAS mu mzinda wa Blantyre kapena ku MUST m'boma la Thyolo, wofuna zaulimi ku LUANAR, onseŵa amafunsidwa za masamu ndi sayansi. N'chimodzimodzinso m'masukulu a unamwino a Mpingo wathu, monga Holy Family ku Phalombe, St Joseph's ku Nguludi ndi Trinity ku Muona m'boma la Nsanje. Ngakhale mwana atakhala wa m'kwaya kapena wotumikira pa Misa, masukuluŵa sangamulandire ngati magiredi oyenera palibe, pakuti amene akuphunzitsidwa kumeneko adzasunga miyoyo ya anthu.

Chifukwa chake ana ambiri amaopa sayansi

Sikuti ana athu alibe nzeru. Vuto lalikulu lagona pa mmene masukulu ambiri alili. Boma litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale m'chaka cha 1994, chiŵerengero cha ana ofuna malo ku sekondale chidakwera kwambiri. M'chaka cha 1998 malo amene kale ankaphunzitsirako maphunziro a patali adasandutsidwa masekondale oyendera a m'madera, amene timawatcha ma CDSS. Zimenezi zidathandiza ana ambiri kufika Folomu 4, koma ambiri mwa masukuluŵa adayamba opanda labotale, opanda zipangizo, ndiponso ndi aphunzitsi ochepa amene adaphunzira za sayansi.

Pamene silabasi ya sekondale idakonzedwanso, phunziro limene makolo ambiri amalikumbukira ndi dzina lakuti Physical Science lidagaŵidwa paŵiri, kukhala Physics ndi Chemistry. Cholinga chidali chabwino, chakuti ana azame kwambiri, koma maphunziro aŵiri amafunanso aphunzitsi, mabuku ndi nthaŵi zochulukirapo.

Tikumbukirenso kuti pa MSCE maphunziro a sayansi ali ndi pepala la mayeso ochita ndi manja. Wophunzira amayenera kuyeza, kusakaniza mankhwala, kuyang'anitsitsa chomera kapena kachirombo ndi kulemba zimene waona. Mwana amene zaka zinayi zonse wangoona zipangizozo zitajambulidwa pa bolodi amaloŵa m'chipinda cha mayeso ali ndi mantha. N'chifukwa chake ena amangoti bola ndisalembetse phunzirolo, kuopa kuti 9 angadetse zotsatira zawo. Maganizo ameneŵa amaoneka anzeru pa tsiku lolembetsa, koma amatseka zitseko zimene mwanayo adzazifuna pambuyo pake. Atsikana ndiwo amavutika koposa, pakuti alipobe anthu amene amawauza kuti masamu ndi a anyamata, chinthu chimene zotsatira za masukulu a atsikana monga Marymount ku Mzuzu ndi St Mary's ku Zomba zakhala zikutsutsa kwa zaka zambiri.

Mpingo ndi sayansi

Akhristu ena amaganiza kuti sayansi ndi mdani wa chikhulupiriro. Mpingo wa Katolika suphunzitsa zimenezo. M'chaka cha 1998 Papa Yohane Paulo Wachiŵiri adalemba kalata yotchedwa Fides et Ratio, yofotokoza kuti chikhulupiriro ndi nzeru zaumunthu zimathandizana pofunafuna choonadi. Mwana wa sekondale akamaphunzira m'Biology za mmene ana amatengera maonekedwe a makolo awo, akuphunzira zimene adatulukira Bambo Gregor Mendel, wansembe wa chipani cha Augustino Woyera, amene adachita kafukufuku wake pa mbewu za nsawawa m'dimba la nyumba ya chipani chawo ku Brno ndi kusindikiza zotsatira zake m'chaka cha 1866. Wansembe winanso, Bambo Georges Lemaître a ku Belgium, adafotokoza m'chaka cha 1927 kuti chilengedwe chonse cha kuthambo chikunka chitambasuka. Kuphunzira chilengedwe ndi njira imodzi yolemekezera Mlengi wake.

Kuno kwathu nkhaniyi ikukhudza moyo wa tsiku ndi tsiku. Zipatala za mishoni zikufuna anamwino, azamba ndi oyeza magazi. Alimi akufuna alangizi odziŵa za nthaka ndi mbewu, makamaka tsopano pamene mvula yasiya kudalirika. Anthu ameneŵa sadzachokera kwina ayi, koma m'makalasi a Folomu 1 amene alipo lero.

Zimene tingachite

Makolo ayambe kucheza ndi mwana za ntchito imene akufuna akadali mu Folomu 1 kapena 2, osadikira mayeso. Mayeso a JCE ndi mpata wabwino woonera pamene mwana akufooka nthaŵi ikadalipo. Pofika nthaŵi yolembetsa mayeso a MSCE, kholo lipemphe kuona mndandanda wa maphunziro amene mwana walembetsa, ndipo ngati pakusoŵa sayansi, lipite kukakambirana ndi aphunzitsi aakulu. Sikofunika kuti kholo likhale lodziŵa Chemistry kuti lifunse funso limeneli.

Maparishi ndi miphakati nayonso ili ndi gawo lake. Pafupifupi m'parishi iliyonse muli mphunzitsi, namwino, mlangizi wa zaulimi kapena wophunzira wa ku yunivesite amene angapereke maola aŵiri Loŵeruka kuthandiza ana masamu, kapena kuwafotokozera zimene ntchito yake idafuna. Masukulu a Mpingo amene ali ndi labotale angathe kuganizira zotsekulira zitseko ana a CDSS yoyandikana nawo pa masiku ena, kuti nawonso agwireko zipangizo asanakumane nazo pa mayeso. Mabungwe a m'parishi akamasonkhera chitukuko asaiŵale kuti mabuku ochepa a sayansi m'sukulu yoyendera angathe kusintha tsogolo la ana ambiri.

Kwa amene adalemba kale ndipo sayansi sidayende bwino, mpata ulipobe. MANEB imalola munthu kulembanso mayeso ngati wophunzira wapadera, ndipo m'madera ambiri muli makalasi a masana kapena madzulo othandiza anthu otere. Alipo anamwino ndi aphunzitsi amene adadzera njira imeneyi. Komabe kubwereza kumadya chaka ndi ndalama zimene mabanja ambiri alibe. N'chifukwa chake tikupempha makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri a miphakati kuti nkhaniyi aikambe msanga ndi ana awo, mwana asanasankhe kusiya phunziro limene adzalilira pambuyo pake.